Kuumitsa Ndiwo ndi Zipatso za Padimba ndi Choumitsira cha Dzuwa

M'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi, ndiwo ndi zipatso zimachuluka pa nthawi imodzi, kenaka n'kusowa pa nthawi ina. Kuyambira Januwale kufikira Epulo, chibwabwa, chitambe, khwanya, bonongwe, luni ndi delele zimachuluka m'minda kotero kuti zambiri zimakalambira komweko popanda wozithyola. Kuyambira Novembala kufikira Januwale, mango amawolera pansi pa mitengo, nkhumba ndi ntchentche ndizo zimakhuta. Tomato wa m'madimba akapsera pamodzi, amayi ogulitsa m'mbali mwa msewu wa Great East amatsitsa mtengo tsiku ndi tsiku, ndipo wotsala amatayidwa. Koma ikafika miyezi ya Seputembala, Okutobala ndi Novembala, zitsime za m'madimba zitaphwa, banja lomwelo limasowa chotsira nsima.

Kusowa kumeneku kumaonekera m'matupi a ana. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa m'chaka cha 2018 anapeza kuti ana 35 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Zambia ndi opinimbira. Chimodzi mwa zifukwa zake ndi kudya nsima ndi ndiwo zamtundu umodzi kwa miyezi yambiri. Boma linayamba kuika vitamini A mu shuga m'chaka cha 1998 poona kuti anthu ambiri akuperewera vitamini ameneyu, chikhalirecho iye amapezeka wochuluka m'masamba obiriwira, m'mango, m'papaya ndi m'maungu amene timawasiya kuti awole. Chilala cha m'nyengo ya 2023 ndi 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse pa 29 Febuluwale 2024, chinatikumbutsanso kuti chakudya chosungidwa ndicho chimapulumutsa banja. Nkhani ino ikufotokoza mmene kuumitsa kumatetezera chakudya, mmene mungapangire choumitsira pakhomo panu, ndi zimene muyenera kupewa.

Luso la makolo ndi pamene limaperewera

Kuumitsa ndiwo si chinthu chachilendo kwa Achewa, Angoni ndi Ansenga. Agogo athu ankafutsa chibwabwa ndi chitambe, n'kuyanika mfutso pamphasa kapena pathanthwe, kenaka n'kuukulunga m'masamba a msuku kukhala zikwatu zimene ankazipachika kudenga. Ankaumitsa bowa, delele, masawu ndi makaka a chinangwa. Nzeru imeneyi ndi yoona ndipo ikugwirabe ntchito.

Komabe kuyanika poyera kuli ndi zovuta zinayi. Choyamba, fumbi, nkhuku, mbuzi ndi ntchentche zimadetsa chakudya. Chachiwiri, masamba akaphikidwa nthawi yaitali asanayanikidwe, ndipo madzi ake n'kutayidwa, mavitamini ambiri amapita ndi madziwo. Chachitatu, kuwala kwa dzuwa kukamenya masamba mwachindunji kwa masiku angapo kumawononga chinthu chija chimene thupi limachisandutsa vitamini A. N'chifukwa chake mfutso wina umaoneka wotuwa kapena wakuda m'malo mobiriwira. Chachinayi, m'dzinja mpweya umakhala wachinyezi, ndipo chakudya chimayamba kuchita nkhungu chisanaume. Choumitsira cha dzuwa chinapangidwa kuti chithetse zovuta zimenezi popanda kusintha luso lenilenilo.

Chimene chimachitika chakudya chikamauma

Chakudya chimawola chifukwa cha tizilombo tosaoneka ndi maso ndiponso nkhungu, ndipo zonsezi zimafuna madzi kuti zikule. Masamba aawisi ali ndi madzi okwana magawo 85 mpaka 90 mwa magawo 100 a kulemera kwake. Tomato ali ndi magawo pafupifupi 94, ndipo mnofu wa mango uli ndi magawo opitirira pang'ono 80. Madziwo akachepa kufika pa magawo 10 m'ndiwo zamasamba, kapena 15 m'zipatso zotsekemera, tizilombo timalephera kuswana. Zipatso zimasungika ngakhale zili ndi madzi ochulukirapo chifukwa shuga wake amagwira madzi otsalawo, tizilombo osatha kuwagwiritsa ntchito.

Kuti madzi achoke msanga pamafunika zinthu ziwiri: kutentha ndi kuyenda kwa mpweya. Mpweya wotentha umanyamula nthunzi yambiri kuposa wozizira. Pa madigiri 25, mpweya wodzaza bokosi la mita imodzi mbali zonse unganyamule madzi okwana magalamu 23. Pa madigiri 50 unganyamule magalamu 83. Ndiye kuti mpweya womwewo wa pakhomo, ukangotenthedwa, umakoka madzi m'chakudya kuwirikiza katatu ndi kupitirira. Koma mpweyawo ukakhuta nthunzi uyenera kutuluka kuti ulowe wina. Bokosi lotentha koma lotsekeka silimaumitsa chakudya. Limachiphika ndi nthunzi yake yomwe.

Kutentha koyenera ndi pakati pa madigiri 50 ndi 60. Kukapitirira 70, kunja kwa chipatso kumauma n'kulimba ngati chikopa pamene mkati mukadali madzi, ndipo chipatsocho chimadzawola chili m'thumba. Kukachepa kwambiri, chakudya chimachedwa kuuma ndipo nkhungu imapeza mpata.

Kuumitsa sikusunga zonse. Vitamini C wambiri amatayika ndi kutentha. Koma ayironi, kashiamu ndi zomanga thupi zimatsala, ndipo gawo labwino la vitamini A limasungika ngati chakudya chauma msanga, pobisika ku kuwala kwa dzuwa.

Mitundu ya zoumitsira

Choumitsira chosavuta kwambiri ndi bokosi lokutidwa pamwamba ndi pulasitiki yoonekera. Dzuwa limalowa n'kutenthetsa mkati, mpweya umalowera m'mabowo a m'munsi n'kutulukira m'mabowo a m'mwamba. Bokosi lotere limayenera tomato, tsabola, anyezi, delele ndi zipatso.

Mtundu wachiwiri uli ndi zigawo ziwiri. Kutsogolo kuli chikombole chopendekera, chokhala ndi lata lopaka penti wakuda pansi ndi pulasitiki pamwamba. M'menemo ndi mmene mpweya umatenthera. Kumbuyo kuli kabati ya mashelefu imene dzuwa silimalowamo. Mpweya wotentha umakwera wokha kuchokera m'chikombole, kudutsa m'mashelefu, n'kutulukira pamwamba. Mtundu uwu ndiwo wabwino pa ndiwo zamasamba ndi chammwamba, chifukwa masamba amauma ali mumthunzi ndipo amakhalabe obiriwira.

Magulu amene amaumitsa zambiri amagwiritsa ntchito choumitsira chachitali ngati ngalande, chimene chinakonzedwa ku yunivesite ya Hohenheim ku Germany. Chili ndi kafani koyendera sola kamene kamakankha mpweya kuchokera mbali ina kupita mbali ina.

Palinso zoumitsira zamagetsi zimene zimagulitsidwa m'masitolo a m'tauni. Ubwino wake ndi wakuti kutentha mumachita kutchera, ndipo zimagwira ntchito usiku ndi m'mvula. Koma makina a mawati 500 oyaka maola 10 amadya mayuniti 5 a magetsi, ndipo magetsi akazima pakati pa ntchito, monga zinkachitikira kwa maola ambiri m'chaka cha 2024 madzi atachepa ku Kariba, zipatso zosauma zimayamba kusasa. Midzi yambiri ya kwathu kuno ilibenso magetsi. Kwa mlimi wa kumudzi, dzuwa ndilo lodalirika.

Kupanga bokosi loumitsira

Kalipentala wa pamudzi akhoza kupanga bokosi m'masiku awiri. Muyeso wokwanira banja limodzi ndi mamita 2 m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Khoma lakutsogolo likhale masentimita 20, lakumbuyo masentimita 45, kuti denga lake lipendekere ndipo madzi a mvula azitsetsereka. Mkati mwa makoma ndi pansi mupake penti wakuda, ndipo musiye bokosilo padzuwa lili lopanda kanthu kwa masiku angapo kufikira fungo la penti litatheratu.

Boolani mabowo pansi pa bokosi kapena m'munsi mwa khoma lakutsogolo, ndi ena m'mwamba mwa khoma lakumbuyo. Mabowo onse muwatseke ndi sefa kuti ntchentche zisalowe. Chitseko chikhale kumbuyo. Mashelefu apangidwe ndi timatabwa ndi neti ya pulasitiki yoyera, kapena nsungwi zoluka motalikirana monga lichero, ndipo akhale masentimita 10 kuchokera pansi kuti mpweya uzidutsa kunsi kwake. Musagwiritse ntchito waya wa nkhuku kapena lata poyalapo chakudya, chifukwa madzi owawasa a tomato ndi mango amadya chitsulo, ndipo chitsulocho chimalowa m'chakudya. Musagwiritsenso ntchito neti ya udzudzu ya kuchipatala: ili ndi mankhwala, ndipo ntchito yake ndi kuteteza ana ku malungo.

Pamwamba mukute ndi pulasitiki ya m'nyumba zolimiramo ndiwo, imene imapirira dzuwa. Pulasitiki wamba amagwira ntchito, koma amafumbutuka pakapita miyezi yochepa. Bokosi likhale pa miyendo yofika m'chiuno, ndipo mwendo uliwonse uime m'kachitini ka madzi kuti nyerere zisakwere.

Dera lathu lili kum'mwera kwa dziko lapansi, pafupifupi madigiri 14 kuchokera pa mzere wapakati. Chifukwa cha ichi, kuyambira pakati pa Febuluwale kufikira kumapeto kwa Okutobala, dzuwa la masana limadutsa chakumpoto. Choncho mbali yopendekera iyang'ane kumpoto. M'miyezi ya mango dzuwa limakhala pafupifupi paliwombo, ndipo denga lopendekera pang'ono motere limalandirabe dzuwa lokwanira. Ikani bokosilo kutali ndi mthunzi wa mitengo, khola ndi chimbudzi. Ngati mukufuna kuumitsiramo ndiwo zamasamba, yalani nsalu yakuda yoyera bwino pansi pa pulasitiki, yosakhudza masamba. Kutentha kudzalowa koma kuwala kudzatsekeka.

Kukonza ndiwo zamasamba

Choumitsira sichisandutsa ndiwo zoipa kukhala zabwino. Thyolani masamba anthete m'mamawa, osati otsala pamsika madzulo. Ngati repu, kabichi kapena tomato anapoperedwa mankhwala, dikirani masiku onse amene alembedwa pa botolo musanathyole, pakuti madzi akachoka m'ndiwo mankhwala otsalira amatsala momwemo.

Sambani m'manja ndi sopo. Sadzulani chibwabwa, chotsani mapesi okhwima, ndipo tsukani masamba ndi madzi akumwa musanawadule. Kenaka afutseni mwachidule. Wiritsani madzi ochuluka, thiranimo mchere pang'ono, ndipo viikani masamba ochepa nthawi imodzi kuti madzi asasiye kuwira. Masamba ofewa monga bonongwe, chibwabwa ndi kholowa akhale mphindi 2 kapena 3. Olimba monga chitambe, khwanya ndi kabichi akhale mphindi 3 mpaka 5. Kufutsa ndi nthunzi, masamba ali m'sefa pamwamba pa madzi owira, kumasunga mavitamini ambiri koposa. Mukavuula, aziziritseni msanga m'madzi oyera ozizira, n'kuwasiya akhe.

Kufutsa kuli ndi chifukwa chake. M'tsamba muli timichere timene timapitiriza kusintha mtundu, fungo ndi kukoma kwake ngakhale litathyoledwa. Kutentha kwa mphindi zochepa kumaimitsa timichere timeneti, kumapha tizilombo tambiri, ndiponso kumafewetsa tsamba kuti madzi azituluka msanga. Musathire soda kapena chidulo pofutsa; masamba amaoneka obiriwira, koma mavitamini ena amawonongeka.

Yalani masamba mopyapyala, osaunjika. Pa tsiku la dzuwa labwino amauma m'tsiku limodzi kapena awiri. Delele wobala amadulidwa mozungulira n'kuumitsidwa wosafutsa. Chammwamba chimatsukidwa n'kuumitsidwa mumthunzi, kenaka n'kusinjidwa. Makilogalamu 10 a masamba aawisi amapereka mfutso wopitirira pang'ono kilogalamu imodzi.

Zipatso, tomato ndi zina

Mango oumitsa akhale akupsa koma olimba. Otenga pansi ophwanyika, ndi amene ali ndi mphutsi za ntchentche, asalowe m'choumitsira. Atsukeni, asendeni ndi mpeni wosachita dzimbiri, ndipo muwadule mapisi okhuthala theka la sentimita, ofanana onse kuti aumire pamodzi. Mitundu yamakono monga Kent ndi Keitt imadulika bwino chifukwa ilibe ulusi wambiri. Mango athu a pamudzi, aulusi wochuluka, ali ndi njira yawo: finyani mnofu wake, usefeni, sakanizani ndi madzi a mandimu pang'ono, ndipo muuyale mopyapyala pa pulasitiki yoyera yopaka timafuta tophikira. Ukauma umasendeka ngati chikopa chofewa, ndipo ana amaukonda kupita nawo kusukulu.

Nthochi zimada msanga zikadulidwa. Kuti zisade, viikani mapisi kwa mphindi 5 m'madzi osakaniza ndi madzi a mandimu. Papaya adulidwe asanafewe kwambiri. Zipatso zimenezi zimatenga masiku awiri kapena atatu, ndipo muyenera kuzitembenuza kamodzi kapena kawiri pa tsiku.

Tomato asankhidwe wofiira, wolimba, wamnofu wambiri. Mudule mozungulira, kukhuthala kwake kusapitirire sentimita imodzi, ndipo muwaze timchere pang'ono. Popeza tomato ndi madzi okhaokha, makilogalamu 10 amatsika kufika pa magalamu 600 okha. Anyezi adulidwe mopyapyala ndipo aumitsidwe payekha, chifukwa fungo lake limalowa m'zipatso. Tsabola akhoza kuuma wathunthu kapena wong'amba pakati. Kandolo wofiira mkati, amene ali ndi vitamini A wambiri, amasendedwa, kudulidwa ndi kuumitsidwa kuti apange ufa wa phala, koma adyedwe pasanathe miyezi iwiri, chifukwa vitamini wake amachepa msanga akasungidwa.

Vuto la mvula

Vuto lalikulu la dera lathu ndi lakuti mango ndi ndiwo zamasamba zimachuluka nthawi imene kumwamba kuli mitambo. Palibe choumitsira cha dzuwa chimene chimagwira ntchito mvula ikugwa masiku atatu otsatizana. Njira yake ndi kusankha nthawi.

Mango oyamba a mu Novembala ndi kumayambiriro kwa Disembala ndiwo oyenera kuumitsa kwambiri, pamene dzuwa likadali lamphamvu. Mu Januwale ndi Febuluwale yang'anani kumwamba musanadule kanthu, ndipo mudule zochepa zokha. Ndiwo zamasamba zochuluka muziumitse kumapeto kwa Malichi, mu Epulo ndi mu Meyi, mvula ikuleka koma chitambe ndi chibwabwa zikadalipo. Tomato, anyezi, repu ndi kabichi za m'madimba zili ndi nyengo yabwino koposa, kuyambira Juni kufikira Okutobala.

Yambani ntchito m'mamawa kuti chakudya chilowe m'bokosi dzuwa likamakwera. Maola oyamba ndiwo amachotsa madzi ambiri. Madzulo tulutsani mashelefu, muwaike m'nyumba pouma atavundikiridwa ndi nsalu yoyera, chifukwa mame ndi chinyezi cha usiku zimabwezera madzi m'chakudya. Ngati mvula yakudzidzimutsani, ikani mashelefu pamwamba, patali ndi moto wa makala wopanda utsi, kufikira dzuwa litatulukanso. Chimene chayamba kununkha chosasa kapena kumera ubweya, chitayeni.

Kudziwa kuti zauma, ndi kusunga kwake

Musayese chakudya chikadali chotentha, pakuti chimaoneka chofewa kuposa mmene chilili. Chisiyeni chizizire. Masamba ouma bwino amafumbutuka mukawafikisa m'manja. Delele, anyezi ndi tsabola zimathyoka. Mango ndi nthochi zimapindika ngati chikopa, sizimamatira ku zala, ndipo mukang'amba pisi n'kulifinya simutuluka madzi.

Mapisi a zipatso sauma mofanana. Choncho aikeni m'botolo loyera lotseka bwino, osadzaza, ndipo mulikhutchumule tsiku ndi tsiku kwa mlungu umodzi. Ouma kwambiri amakoka chinyezi cha anzake ndipo onse amafanana. Mukaona thukuta mkati mwa botolo, bwezerani zonse m'choumitsira.

Adani a chakudya chouma ndi chinyezi, kuwala, kutentha ndi tizilombo. Sungani m'mabotolo, m'zigubu zotseka bwino, kapena m'timatumba ta pulasitiki tomata, timene mwatiika m'ndowa yovundikira. Timatumba tating'ono ndi tabwino kuposa thumba limodzi lalikulu, chifukwa mumatsegula zokwanira mlungu umodzi basi. Lembani dzina la chakudya ndi tsiku limene chinaumitsidwa, ndipo muziyamba kudya zakale. Ikani pamalo amdima, ozizira, osati pansi penipeni. Mfutso wosungidwa motere umakhala wabwino kwa miyezi isanu ndi umodzi kapena kupitirirapo, ndiye kuti wa mu Epulo umafika bwinobwino mu Okutobala ndi Novembala. Muziyang'anamo mwezi uliwonse. Musathire konse mankhwala osungira chimanga m'ndiwo kapena m'zipatso zouma.

Zoopsa zimene kuumitsa sikuchotsa

Bowa wakupha amaphabe ngakhale atauma, ndipo akauma amavuta kumuzindikira. Umitsani bowa yekhayo amene mumamudziwa bwino, mtundu uliwonse paokha. Chinangwa chowawa chiyenera kuviikidwa m'madzi masiku angapo chisanayanikidwe, ndipo chigwada chiyenera kusinjidwa ndi kuphikidwa mokwanira. Choumitsira sichilowa m'malo mwa ntchito imeneyo. Nkhungu ina imene imamera pa nsawa, chimanga ndi tsabola imatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amawononga chiwindi ndi kupinimbiritsa ana. Poizoni ameneyu sachoka ndi kuphika kapena kuyanikanso. Chakudya chochita nkhungu chisapatsidwe anthu, nkhuku kapena nkhumba.

Kuphika zouma

Viikani mfutso m'madzi ochepa kwa mphindi 15 kapena 30, ndipo muuphikire m'madzi omwewo kuti zofunika zisatayike. Popeza unafutsidwa kale, sufuna kukhalitsa pamoto. Tenderani ndi nsinjiro kapena thirani mafuta pang'ono, chifukwa thupi limalandira bwino vitamini A pamene m'chakudya muli mafuta. Tomato wouma angasinjidwe kukhala ufa wothira m'nyemba ndi m'kapenta m'dzinja, pamene tomato wamuwisi amakwera mtengo. Kwa mwana amene wakwanitsa miyezi isanu ndi umodzi, kasupuni ka ufa wa chibwabwa, bonongwe kapena chammwamba kothira m'phala, pamodzi ndi nsinjiro, kamaonjezera mphamvu ya phalalo, kwinaku akupitiriza kuyamwa.

Kodi pali malonda?

Msika wa zouma ulipo. Ku Lusaka, kampani ya Sylva Food Solutions, imene anaiyambitsa mayi Sylvia Banda, yakhala ikuphunzitsa alimi kuumitsa ndiwo zachikhalidwe ndi dzuwa ndi kumagula kwa iwo. Bungwe la COMACO, limene lili ndi fakitale ku Chipata, limagulitsa mango ouma pa dzina la It's Wild! Pafupi ndi kwathu pali misika ya Katete, Sinda ndi Chipata, masukulu ogonera komweko, ndi khamu la anthu ochokera ku Zambia, Malawi ndi Mozambique limene limasonkhana ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba mu Ogasiti.

Koma mlimi awerenge kaye asanadule. Kuti mupeze kilogalamu imodzi ya tomato wouma mufunika makilogalamu 16 kapena 17 a tomato wamuwisi. Kilogalamu imodzi ya mango ouma imafuna pafupifupi makilogalamu 10 a mango athunthu. Onjezerani mtengo wa timatumba, ulendo wa kumsika ndi masiku a ntchito yanu. Ngati tomato wamuwisi ali ndi mtengo wabwino, mugulitseni wamuwisi. Kuumitsa kumapindula pamene msika wadzaza. Wogula wamkulu amafuna katundu waukhondo, wofanana, wochuluka ndi wobwera pa nthawi yake, ndipo zolowa m'masitolo ziyenera kukwaniritsa miyezo ya Zambia Bureau of Standards. Mutu umodzi susenza denga: kalabu ya amayi kapena kopaletivu ingathe kusonkha ndalama za choumitsira chachikulu, kugawana masiku ochigwiritsa ntchito, ndi kugulitsira pamodzi. Funsani wogula zimene akufuna musanaumitse zochuluka, ndipo alangizi a zaulimi a m'dera lanu angakulumikizeni ndi magulu amene anayamba kale.

Phindu loyamba, komabe, ndi la pakhomo. Banja limene limadya mfutso katatu pa mlungu, magalamu 100 pa mphika, limafuna makilogalamu osakwana 4 kuti lidutse miyezi itatu ya Seputembala, Okutobala ndi Novembala. Amenewo ndi makilogalamu pafupifupi 35 a masamba aawisi, amene munda wa chimanga wosakaniza ndi maungu ndi khobwe umapereka popanda kulima kwina. Bokosi limodzi, lodzazidwa kawiri pa mlungu mu Epulo ndi Meyi, limakwanitsa ntchito imeneyi. Nthawi yabwino yolipanga ndi chilimwe, matabwa ali ouma ndi ntchito za kumunda zili zochepa, kuti muliyese ndi tomato wa m'dimba, ndipo mango oyamba a mu Novembala adzalipeze lili lokonzeka.